Mitembo Yoima Pamzere

Ngati munagwirapo ntchito ndi mtima wanu wonse, anthu n'kungokusekani, khalani pansi mumve za Keeley Ramsden.

Loweruka lina masana, Keeley anali kuseri kwa holo ya tchalitchi m'tauni yathu ya Skelby, kugombe la Yorkshire, atakhala pafupi ndi migolo ya zinyalala. Mvula inkamuwaza, iye akulira. M'holomo ankaonetsa filimu yake koyamba. Inali filimu ya mazombi, mitembo ija imadzuka m'manda n'kumasakasaka anthu amoyo kuti iwadye. Keeley ankayembekezera kumva anthu akukuwa ndi mantha. Koma zimene zinkatulukira pawindo linali phwete lokhalokha. Anthu ankaseka mpaka kutsokomola, ena akumenya mipando.

Moyo sunamukomere mwanayu. Bambo ake sanawadziwe. Ali mtsikana anapita kusukulu ya zamafilimu mumzinda, koma mayi ake atadwala anayamba kujomba, mayeso n'kulephera. Anabwerera kwawo kudzadwazika matenda, ndipo mayiwo atamwalira anatsala yekha ngati chala. Anapeza ntchito yokazinga nsomba ndi tchipisi pashopu ya padoko. Zaka zinapita, tsitsi lake likungonunkha mafuta.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sanachitaye, kamera yakale imene anagula kwa munthu wina. Ndipo anadzilumbirira yekha kuti ayesa kamodzi kokha. Filimuyo ikakanika, kamera agulitsa, maloto awaiwala, azikazinga nsomba mpaka imvi. Wogula anali atapezeka kale, ankangodikira Lolemba.

Vuto linayambira pa ochita sewero. Achinyamata a ku Skelby onse anathawira kumizinda kukafuna ntchito. Otsala anali okalamba a kalabu ya tiyi ya kutchalitchi, ndipo iwo anavomera msangamsanga chifukwa kunyumba ankangosungulumwa. Keeley ankawapaka phala kumaso kuti khungu lioneke lovunda. Magazi anali manyuchi osakaniza ndi utoto wofiira. Matumbo anali masoseji, ndipo theka la matumbowo linkapita ndi mbalame zakuba za padoko.

Tsiku lojambula gawo loopsa kwambiri, Keeley anawasonkhanitsa kutsogolo kwa positi ofesi yakale.

"Tamverani, makolo anga. Ndikati tiyeni, nonse muthamangire chitseko chija nthawi imodzi. Mukankhane, mupondane. Muli ndi njala ya nyama ya munthu. Tiyeni!"

Mitembo inabuula bwinobwino, inadzikoka mpaka pachitseko. Itafika pamenepo, inaima pamzere.

"Pitani patsogolo, Mayi Thwaite," anatero a Clifford Oldroyd, amene kale ankayendetsa basi, diso lapulasitiki likulendewera patsaya. "Munayamba kufika ndinu."

"Ayi, tsogolani ndinu a Clifford, ndi bondo lanu lija."

"Ndinu mitembo!" Keeley anakuwa. "Mtembo sudikira mnzake!"

Mayi Thwaite, amene anakalambira pantchito yophikira ana asukulu, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kufa tafa, mwanawe, koma sitinaleredwere kutchire."

Anabwereza kambirimbiri, osatheka. Kuno kwathu munthu ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo, koma kumuuza kuti adumphe mzere ndi kumutukwanira makolo. Okalambawo akayesa kukankhana, pakamwa pankangotuluka "pepani". Wina akaluma munthu pakhosi, ankadzuka n'kufunsa ngati sanamupweteke. Keeley anadula zonsezo n'kuzibisa, koma sizinabisike zonse. Kulikonse m'filimumo ulemu unkasuzumira.

Ndiye n'zimene ankaseka anthu Loweruka lija.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka, Mayi Thwaite n'kutulukira ndi ambulera.

"Iwe, ukulira chiyani pazinyalala pano?"

"Simukumva? Tauni yonse ikundiseka."

"Akuseka ife, iwe akukudziwa ndani? Tamvera, ine sindipita m'mbali. Filimu yako kuopsa siikuopsa, ngakhale mphaka wanga sangasunthe. Koma a Clifford chimwalirire akazi awo sindinawaonepo akuseka. Lero aseka mpaka mano awo oikirira agwera m'kapu ya tiyi."

"Sindinavutike chaka chonse kuti ndikhale chitsiru cha tauni," Keeley anayankha mokalipa.

"Chabwino, khala pomwepo unyowe," anatero mayiwo. Koma ambulerayo anamusiyira.

Musaganize kuti Keeley anamva pomwepo. Anali wamakani, ndipo manyazi sachoka ndi mawu amodzi. Lamlungu m'mawa anakhala pakompyuta kuti afafanize chilichonse, kamera ipite ilibe kanthu. Asanatero anatsegula zidutswa zimene anataya zija, kuti aziwone komaliza. Anaona mtembo ukupukuta mapazi usanalowe m'nyumba. Anaona mtembo wina ukugwirira chitseko munthu amene unkamuthamangitsa. Anaona Mayi Thwaite akuthamangitsa mbalame yothawa ndi matumbo awo, akuikalipira ngati mwana wasukulu. Keeley anayesa kuumitsa nkhope, koma anagonja. Anaseka mpaka m'mimba kupweteka.

Lolemba anauza wogula uja kuti ayambe wadikira.

Analemba nkhaniyo mwatsopano. Akufa a ku Skelby adzuka m'manda, njala ili nawo, koma khalidwe sanalisiye. Anthu amoyo abisala mu positi ofesi, ndipo chowapulumutsa si mfuti ayi, koma kachikwangwani kolembedwa kuti "Dikirani apa mpaka muitanidwe". Mitembo ikungodikira.

Apa ndi pamene anakumana ndi chipsinjo chimene sanachiyembekezere. Okalamba aja atamva kuti tsopano filimu ndi yoseketsa, aliyense anasanduka katswiri wa nthabwala. A Clifford anabwera atavala chipewa chachizimayi, akuvina, akudzigwetsa dala. Ena ankatulutsa malilime, ena akutsinzinira kamera. Keeley ataonera zimene anajambula sabata imeneyo, mtima unamugwa. Panalibe choseketsa ngakhale chimodzi. Zinali zomvetsa chisoni basi.

Anavutika nazo maganizo masiku angapo, akutembenuza nsomba m'mafuta, mpaka anazindikira pamene panali nkhani. Anawaitananso.

"Makolo anga, zoseketsa iwalani. Ndikufuna mundiopseze. Yesetsani ndi mphamvu zanu zonse kuti ndikomoke ndi mantha."

"Nanga si unati ndi yoseketsa?" anafunsa a Clifford, atakhumudwa.

"Mumaseketsa mukakhala kuti simukufuna, bambo. Chipewacho vulani."

Ndipo ankanena zoona. Ife okonda mafilimu otchipawa timadziwa bwino kuti magaziwo ndi manyuchi, ndipo dzanja lodukalo tikuliona kuti ndi la labala. Sitipusitsidwa. Chimene timakondera n'chakuti anthu ake amachita ndi mtima wonse, osadziseka okha, ngati kuti dziko lonse likudalira iwo. Filimu yodula ikhoza kukudabwitsa, koma yotereyi umaikonda ngati m'bale wako wosokonekera pang'ono.

Anajambula dzinja lonse la kuno, m'mawa shopu isanatsegulidwe, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Maikolofoni ankaimangirira kumtengo wa tsache. Manyuchi ankauma ndi kuzizira, n'kumata ndevu za a Clifford kumalaya. Ena ankajomba chifukwa cha nyamakazi, ena chifukwa cha tsiku la kuchipatala. Keeley akatuluka pamenepo ankathamangira kukazinga nsomba, m'zikhadabo mudakali mofiira. Panalibe amene anasiya.

Filimu itatha anaitumiza kuzikondwerero za mafilimu. Ena anakana mwaulemu, ena sanayankhe n'komwe. Miyezi inadutsa, ndipo wogula kamera uja anayambanso kufunsa. Kenaka chikondwerero china cha mafilimu oopsa mumzinda waukulu chinavomera. Koma anamupatsa nthawi imene aliyense amaikana, Lamlungu m'mawa, pamene okonda mafilimu amakhala akadali m'mabulangete ndi matsire.

Tsikulo Keeley analawirira yekha pasitima. Atafika kunyumba ya kanema anafunsa mayi wogulitsa matikiti kuti zikuyenda bwanji. Mayiyo anamuyang'ana mwachifundo.

"Musadandaule, achemwali. Nthawi ino ngakhale mafilimu abwino saoneredwa."

Keeley anakhala pamasitepe a mkati. Holo inali yaikulu, ndipo ogula matikiti akanakwana pabenchi imodzi. Anayamba kuganiza kuti mwina nsomba zija ndiye gawo lake.

Sankadziwa kuti kalabu ya tiyi inali itapangana zake. Okalamba aja anachita hayala basi, ndipo anabwera onse atadzipaka phala ndi manyuchi, atavala nsanza zawo za m'filimu, pofuna kumulemekeza. Anapeza zitseko zisanatsegulidwe. Ndiye anachita chimene amadziwa. Anaima pamzere m'mbali mwa msewu, mwakachetechete, mitembo yokhala ndi zikwama zam'manja ndi mafulasiki a tiyi.

Tsono munthu wa kuno akaona mzere, miyendo imayamba kumuyabwa. Bambo wina amene ankapita kukagula nyuzipepala anaima, anayang'ana, n'kukaima kumbuyo. Atsikana awiri anajambula zithunzi, nawonso n'kulowa. Kenaka banja lina lochokera kutchalitchi.

"Pepani, mzerewu ndi wa chiyani?" anafunsa mnyamata wina.

"Kaya," anayankha bambo wa nyuzipepala uja. "Koma taonani kutalika kwake, chiyenera kukhala chinthu chabwino."

A Clifford anatembenuka, diso lija likugwedera. "Ndi filimu ya mwana wathu, achimwene. Imani pambuyopo, osadumpha."

Mzere unakhota pakona, unadutsa shopu ya buledi. Zithunzi zinafalikira pamafoni, ndipo a matsire aja anayamba kudzuka m'mahotela, kuopa kuti chinthu chikuwapita. Mayi wa matikiti anathamangira kwa Keeley, mpweya uli m'mwambamwamba.

"Achemwali, tatulukani muone! Anthu onsewa mwawatenga kuti?"

Holo inadzaza mpaka ena kubwezedwa pakhomo.

Keeley anaima kumbuyo kwenikweni. Filimu inayamba, anthu anayamba kuseka pamalo oyenera, ndipo penapake mayi wina anakuwadi ndi mantha, zimene zinamukomera Keeley kuposa uchi. Kenaka panafika gawo lalikulu. Mtembo wachilendo wochokera ku London, wovala suti, ukufika pa positi ofesi, n'kudutsa mzere wonse mpaka kutsogolo. Mitembo ya ku Skelby siinaulume, siinaumenye. Inangoyang'anana, n'kutsonya yonse pamodzi. Mlendoyo anagwidwa manyazi, anazyolika, n'kubwerera yekha kumanda.

Denga linatsala pang'ono kusasuka. Anthu anaimirira filimu isanathe n'komwe, akuwomba m'manja, akuimba malikhweru. Keeley analira, ndipo sanabise.

Atamuitanira kutsogolo, anakana kukwera yekha. Anakwera ndi mitembo yake yonse, wina ndi ndodo, wina atagwiridwa mkono, ndipo zinatenga nthawi chifukwa aliyense ankauza mnzake kuti atsogole. Pomwepo, pamaso pa anthu onse, mayi wina wa kampani yogulitsa mafilimu anaimirira.

"Filimuyi tikuifuna," anatero. "Koma ndiuzeni, Mayi Ramsden, yotsatira ndi ya chiyani?"

Keeley anatenga maikolofoni. Moyo wake wonse anthu ankamufunsa ngati nsomba yapsa. Panalibe amene anamufunsapo za filimu yotsatira.

Mayi Thwaite anamulanda maikolofoni.

"Yotsatira tikhala anamapopa, takambirana kale m'basi. Koma mayi inu, mapepala anuwo musaine msanga. Ena a ife tatsala pang'ono kukhala mitembo yeniyeni."

Anasainadi msanga. Lero Keeley Ramsden ndi wopanga mafilimu, ndiyo ntchito yake, ndipo palibenso amene amamufunsa mtengo wa kamera. Mafilimu ake akadali otchipa, magazi akadali manyuchi, ndipo anthu amawaonera mobwerezabwereza mpaka kuloweza mawu.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chinthu chimene mumachibisa chifukwa anthu anachiseka. Mwina ndi kalankhulidwe ka kwanu, mwina ndi zida zanu zosalongosoka, mwina ndi anthu amene muli nawo, oti ena sangawawerengere n'komwe. Musafulumire kufafaniza. Yang'ananinso bwino chimene mukuchita nacho manyazicho, chifukwa n'kutheka kuti ndicho chokhacho chimene wina aliyense alibe. Kulira lirani, ndi kololedwa. Koma mukatha, pukutani maso, dzukani, mukayesenso. Mtima wokhawo musautaye.