Zaka za a Malizani

Ngwee! Ngwee! Chitsulo chikalira choncho ndimadziwa kuti usiku wafika pakati ndipo a Boniface ali maso. Ndi limu yakale ya galimoto, yopachikidwa pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo cha malemu che Rajabu pa Nsaru. Nyumba yanga ya lendi ndi yoyang'anizana ndi chigayocho. Amuna anga a Gilbert adapita ku Joni ndili ndi pakati, ndiye usiku timakhala awiri, ine ndi Vanessa wa miyezi isanu ndi iwiri. Ndine wamantha, sindibisa. Khoswe akangothamanga kudenga, ine tulo balala. Koma chitsulo chija chikalira ndimayamwitsa mwana n'kugona.

A Boniface kwawo ndi ku Kabudula. Ndi bambo wamfupi, wa chipewa chaubweya ngakhale mu Okutobala. Ulonda wa pachigayo adauyamba mu 2005. M'mawa akaweruka amadzera pakhonde panga kudzapempha madzi otentha a tiyi, n'kumuseka Vanessa.

"Akazi anga adzuka bwanji? Mano awiri okhawa, mudzandiphikira chiyani inu?"

Chaka chatha maondo adayamba kuwakana, ndipo adaganiza zopuma. Sadadandaule, chifukwa che Rajabu adasiya atalemba patsamba loyamba la buku la antchito kuti aliyense wokwanitsa zaka khumi ndi zisanu osadukiza, popuma azilandira malipiro a mwezi umodzi pa chaka chilichonse chomwe wagwira. Wosakwanitsa, thumba la ufa ndi zikomo. A Boniface ndalamayo ankaitchula kuti galatuwite, ndipo ankaitchula mokoma ngati dzina la chibwenzi.

Tsiku lina adafika pakhonde osamuseka mwana. Tiyi adazizira m'kapu.

"Amake Vanessa, zaka zanga zabedwa."

"Zabedwa bwanji, agogo?"

"Che Bashiri aika buku lija mu kompyuta. Akuti ndagwira zaka khumi ndi chimodzi basi. Zisanu ndi zitatu zoyambazo akuti adagwira ndi munthu wina, Malizani."

"Malizaniyo ndani?"

"Ndine!"

Apa m'pamene adandifotokozera. Iwo adabadwa ana atatu atamwalira motsatizana, ndipo mayi awo, atatopa ndi kulira, adati mwanayu ndi Malizani, kuuza imfa kuti ingomaliza. Imfa sidamalize. Koma dzinalo lidawalemera moyo wonse. Pa Pasaka wa 2013 adabatizidwa ali wamkulu n'kusankha la Boniface. Lolemba lake adapita kwa kalaliki wa pachigayo mokondwa, kumuuza kuti Malizani watha, alembe Boniface. Kalalikiyo adamvera kwenikweni: adatseka tsamba la Malizani n'kutsegula lina. Pano kalalikiyo adasamuka, che Rajabu adatisiya, ndipo chigayo chili m'manja mwa mwana wawo che Bashiri, yemwe nthawi imeneyo adali kusukulu ku Blantyre.

"Inu mudafika Fomu 3," adatero a Boniface. "Tiyeni mukandiwerengere bukulo. Ine ndimangodinda chala."

Ndidafuna kukana. Ine kukalowa mu ofesi ya eni chigayo, kukatsutsa kompyuta? Komanso, ndinene zoona, kamtima kena kankati akapanda kulandira mwina sapita, chitsulo chizilirabe. Ndidachita manyazi ndi ganizo limenelo, ndipo manyaziwo ndi omwe adandiberekesa mwana kumsana.

Che Bashiri si munthu woipa. Adatipatsa mipando, n'kutiikira buku patebulo.

"Madala, sindikukukanizani. Koma onani, apa pali anthu awiri. Khadi lanu la ubatizo lalembedwa Boniface yekha. Mawa kukabwera Malizani weniweni kudzafuna zake, ndidzati chiyani?"

"Akabwera mudzandiitane, ndidzamuone nkhope," adayankha a Boniface.

Ine ndidangoti maso pabuku. Tsamba la Malizani lidathera Malichi 2013. La Boniface lidayamba Epulo 2013. Palibe mwezi wodumpha. Kenako ndidayang'ana zidindo za chala, mwezi ndi mwezi, zofiirira ndi ukale. Chilichonse chidali ndi kamzere koyera kodutsa pakati. Ndidatembenuza tsamba. Kwa Boniface nakonso kamzere komweko.

"Pepani, achimwene," mawu anga adatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa sukulu. "Kodi anthu awiri angakhale ndi chipsera chimodzi?"

"Mwati bwanji, mayi?"

"Agogo, onetsani chala."

A Boniface adatambasula chala chachikulu. Chipsera chili pompo, chopingasa.

"Chikwakwa ichi," adatero monyadira. "Ndikumweta udzu wa chigafa cha fodya, ndisanakwatire n'komwe."

Che Bashiri adawadinditsa papepala, n'kuliika pakati pa masamba awiri aja. Adayang'ana uku, adayang'ana uku. Asanayankhule, chitseko chidatseguka, n'kulowa mayi a che Bashiri, abiti Mwajuma, atanyamula fulasiki.

"Iwe Malizani, tochi yanga udabwereka mwezi wa Ramadani ija ili kuti?"

Che Bashiri adagwira pamutu.

"Amayi, mwawaitana kuti chiyani?"

"Malizani. Nanga ndani? Za Bonifesizo ndi za kutchalitchi kwawo, ine lilime langa lidakana kalekale. Ameneyu adabwera pano iwe ukuvala kabudula wong'ambika kumatako."

"Amayi, pali alendo!"

"Alendo ake ati? Uyu si mtsikana wa patsidyapa, amayanika matewera pawaya wathu? Bwanji, pali mlandu?"

Atawafotokozera, abiti Mwajuma adaseka mpaka kukhala pa thumba la gaga.

"Ndiye makina akowo amugawa pawiri munthu wamfupi kale? Malizani ndi yemweyu. Malizanitu nkhaniyi, tiyi akuzizira!"

A Boniface adaseka mpaka misozi. Adati chibadwire, aka kadali koyamba kumva dzina lija likuwakomera m'khutu.

Che Bashiri adalumikiza mayina awiri aja pamzere umodzi: Boniface Malizani, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pakutha pa mwezi ndalama idatuluka yonse. Tsiku limenelo a Boniface adagulira Vanessa kadiresi kachikasu, akuti chiwongo, ine adandigulira chitenje. Adavina pakhonde panga ndi maondo awo okanawo, anthu obwera kuchigayo ataima ndi mitanga pamutu.

Ine ndinkaseka nawo, koma maganizo anga adali pa usiku wopanda chitsulo chija. Adandiona.

"Amake Vanessa, nkhope imeneyo ndi ya chitsulo, eti?"

Ndidangogwedeza mutu.

"Mverani. Ku Kabudula ndikhoma malata nyumba ya mlongo wanga, n'kubwerako. Boniface wapuma, koma Malizani sadazolowere kugona kumudzi. Ndapeza kapuloti kuseri kwanuku, ndiweta mbuzi. Limu ija che Bashiri andipatsa, ndikaipachika pakhomo panga. Pakati pa usiku ayi, ndine bwana tsopano. Ndiziimenya kamodzi 9 koloko, akazi angawa adziwe kuti amuna awo akukagona."