Manda Opachika Pakhoma

Tinanyamuka ku Oshawa, m'dziko la Canada, Loweruka m'mawa, chisanu chikuluma makutu. Ndinali ndi Mayi Halina, nkhalamba ya ku Ukraine imene ndinkaisamalira, ndodo kudzanja ili, jumbo kudzanja linalo. M'jumbomo munali nsalu yoyera yaitali yopeta ndi ulusi wofiira, imene kwawo amakoleka pa chithunzi cha womwalira. Ndinati ndiwanyamulire, anakana kwamtuwagalu.

Bambo awo anali katswiri wojambula ku Kharkiv. Boma linawatenga bambowo pamene Mayi Halina anali kamtsikana, ndipo manda awo sadziwika mpaka lero. Zojambula zawo zinatsekeredwa zaka zambirimbiri. Ukraine italandira ufulu, chimodzi chinatuluka n'kubwera ku Toronto pamodzi ndi zina kuti anthu aone. Mawa lake chinali kubwerera, ndiye nsaluyo inayenera kukolekedwa tsiku lomwelo.

Tikiti yanga yasitima sinafike madola khumi, yawo theka poti ndi okalamba. Titaima ku Scarborough, bambo wina wa ku Chipata anandimva ndikukalipira bondo langa m'Chichewa.

"Ah, ba sisi, ndimwe a ku Malawi? Matipate yafika kwanu?"

"Yafika, bambo. Koma chandivuta ine ndi njira."

"Mukadropa pa siteshoni ikulu, mutenge sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka, mukachenje kuyenda ku west. Osaopa."

Ine kuopa? Munthu woti ndinakwerapo matola a ku Ntcheu nthawi ya dzinja!

Cha kumasana tinafika pa holo ya anthu a ku Ukraine. M'chipinda chapansi amayi ankagulitsa timitanda taufa tophika, toika mbatata ndi tchizi mkati. Ndinadya mbale yonse, Mayi Halina sanalawe n'komwe.

Titakwera pamwamba pamene panali zithunzizo, ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinkayembekeza nkhope za anthu, koma ndinapeza mitu yonga ndowa, nyumba zopendekeka, mizere yongopingasana. Ndinati m'mtima, izi ndiye ankapherana anthu? Koma nditayang'anitsitsa, zinthuzo zinayamba kuyenda, mpaka chimakina china ndinachimva ngati chikulira.

Cha bambo awo chinali pakona: akazi atatu akukolola tirigu, matupi ngati migolo yofiira ndi yachikasu, nkhope zopanda maso.

"Wapakatiyo ndi mayi anga," anatero Mayi Halina.

"Mwawadziwa bwanji, nkhope palibe?"

"Mapewa. Akatopa ankapendekeka chonchi."

Anatulutsa nsalu ija, koma mtsikana woyang'anira anafika msanga. "Pepani, mayi, n'zobwereka izi. Sitilola kukhudza."

Mtsikanayo sanalakwe, koma mtima unandiwawa kuona manja a nkhalamba akupindanso nsalu mwaulemu. Munthu wadikira moyo wake wonse, abwerere nayo ku Oshawa? Ndinati ayi, ine ndilipo.

Kwathu mkazi saimirira pamaliro. Ndinawalanda nsaluyo, ndinaiyala pansi kunsi kwa chithunzi, ndinavula nsapato, n'kukhala pansi miyendo tambalale monga tichitira pasiwa. Kenako ndinayamba nyimbo yamaliro chapansipansi.

Mtsikana uja anathamanga. "Mwakomoka? Ndiitane ambulansi?"

"Ayi mwanawe, tili pamaliro. Tabweretsa mpando."

Anandiyang'ana, anayang'ana mayiwo, n'kukatenga mpando. Mayi Halina anakhala, nayamba kulankhula ndi bambo awo m'chinenero chawo. Sindinamvepo kanthu, koma anthu amene anali pafupi anamva. Azibambo anavula zipewa. Mayi wina wovala chikhoti chodula anagwada pambali panga, mawondo akulira kuposa anga.

Titatha, mtsikanayo anapita kukanong'onezana ndi abwana ake. Pobwera anati, "Pakhoma sizitheka. Koma akuti nsaluyi ikhoza kulowa m'bokosi limodzi ndi chithunzichi, ipite nacho kwawo."

Mayi Halina anaipinda okha, naipereka ndi manja awiri.

M'sitima yobwerera anadandaula kuti njala yawapweteka, ndiye ndinawagulira madonati awiri, onse anatha. Ine ndinali nditaphunzira kuti chithunzi sichisowa maso kuti mwana azindikire mayi ake, ndiponso kuti pamene manda palibe, maliro amalirika ndithu. Titatsika ku Oshawa, mayiwo anandiponyera jumbo lija lopanda kanthu.

"Tsopano ukhoza kundinyamulira," anatero.