Tsiku Limene Amayi Anandikana Pakhonde

Fungo la polishi wofiira wa pakhonde sindinaliiwale mpaka lero. Ndikangolimva, ndimabwerera ku komboni ya Dambwa North, titangosamuka kuchokera ku Chipata, tikufunafuna nyumba ya lendi.

Tinayenda mpaka mapazi kutupa. Nyumba zotchipa zinalipo, koma eni ake akationa ana atatufe ankapukusa mutu, ati ana amadzaza chimbudzi. Kenaka tinafika pakhonde lonyezimira, pafupi ndi sukulu.

"Bana ni bangati?" anafunsa mayi mwini nyumbayo.

"Babili chabe," amayi anayankha.

"Nanga aka?" Chala chinaloza ine.

"Ni ka mng'ono wanga. Kabwelela kumunzi mailo."

Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Achimwene ndi khanda kumsana, awiri akwana. Ndiye mawa andikweza basi ndekha? Kupita kwa yani? Ndinagwira chitenje chawo, iwo n'kuchotsa dzanja langa.

M'mawa mwake, titagona m'nyumbayo, amayi anandisambitsa, kundidzoza mafuta, n'kundigwira padzanja. Ndinalira njira yonse, ndikuyembekezera kuona mabasi. Tinakhotera pageti la sukulu.

Ndazindikira nditakula kuti mwana amene amayi ankamufunira nyumba yapafupi ndi sukulu anali yemwe anamukanayo.