Kabokosi ka Nyanga Ziwiri ka a Jafali

Ndikakumbukira a Jafali, ndimamva fungo la mtovu wosungunuka, losakanikirana ndi utsi wa malasha umene unkakuta Daveyton nthawi yozizira. Anali neba wathu, kwawo ku Mangochi, ndipo ankakonza mafoni pa renki ya matekisi. Ine, kamtsikana ka zaka khumi, ndinkasiya mbale zili m'madzi n'kukasuzumira pakhomo pawo, kuonerera zala zawo zikuluzikulu zikutola tizitsulo tochepa ngati nthangala za mpiru.

Tinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chizulu, amene ankatilola kugwiritsa ntchito wayifayi yake. Agogo anga aamuna anali atasiya ulonda ku Wadeville chifukwa cha maso. Chaka chimenecho mlongo wawo anadwala kwambiri ku Ntcheu, ndipo uthenga unabwera woti akufuna kuwaona. Anali asanaonane chichokereni agogo kumudzi. Amayi anayesa kuimba pa vidiyo, koma agogo anabweza foni.

"Ndikungoona kanyemba kakugwedera," anatero.

M'chipinda mwathu munali kompyuta yakale ya galasi lalikulu imene agogo anapatsidwa kuntchito, koma inkafuna waya, ndipo mwini nyumba anakana kuti khoma lake libooledwe.

Loweruka masana a Jafali anabwera ndi kabokosi ka nyanga ziwiri kamene wina anataya. Anakalumikiza ku kompyuta ndi kawaya kafupi.

"Kamagwira ntchito yanji?" ndinafunsa.

"Kompyutayi ndi gonthi, mama. Imamva pokhapokha uigwire dzanja. Kabokosika kali ndi makutu. Kamatola zochokera m'nyumba yaikuluyo n'kuipatsira kudzera pa waya."

"Ndiye mawu adutsa pabwalo apa, poyanika zovala?"

"Pomwepo."

"Nanga ndikaima pakati, sindiwatchinga?"

Akuluakulu ena akanandithamangitsa. Iwo anakanda ndevu. "Sindinayesepo. Tikamaliza ukaime, tione."

Kabokosiko sikanagwire msanga, chifukwa malata a chipinda chathu ankatchinga. Anakaika pa kabati, n'kukatsitsa, n'kukakweza pa ndowa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Pomaliza anakapachika pa msomali wa pawindo, kanyali kake n'kusiya kuphethira. Sanaiwale lonjezo. Ndinakaima pabwalo nditatambasula manja, iwo akuyang'ana kanyaliko mosaseka n'komwe.

"Akudutsa," anandiuza. "Ndiwe woonda kwambiri."

Kenaka amayi anaimba. Nkhope ya mayi wokalamba inadzaza galasi lonse, mutu uli pa pilo. Agogo anasendeza mpando mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Achimwene," anatero mayiyo, "imvi zonsezo mwazitenga kuti?"

Agogo anagwira pakamwa. Ine ndinkafuna kuona zonse, koma a Jafali anandigwira mkono.

"Tiye panja. Ntchito yathu yathera apa. Zotsalazo si zathu."

Tinakhala pa njerwa, akundisendera nachesi. Zimene agogo anakambirana ndi mlongo wawo tsiku lija sindinazimve mpaka lero. Ankacheza masana aliwonse kwa masabata angapo, kufikira tsiku limene kumudzi anaimba osayatsa vidiyo, kutiuza za maliro.

Pano ndimagwira ntchito yolumikiza intaneti m'nyumba za anthu ku Benoni ndi Germiston. Zikangotheka, mwini nyumba amathamangira kuimbira munthu wina wake, ndipo ambiri amandikodola kuti ndidzapereke moni. Ine ndimalongedza zipangizo zanga, n'kukadikira pakhonde.