A Telala ndi Tcheni Chothina

A telala a pakona paja sagwirizana ndi chinthu cholendewera. Akaona batani likugwedera pamalaya a mlendo, amayamba afuna singano, moni pambuyo. Chigulireni kanjinga kawo kamoto, koyenda patala ndi m'matope momwe, makina osokera akungodya fumbi. M'mawa uliwonse amakapukuta, kuona oyilo, kenako n'kuyendera nati iliyonse ndi sipanala. Mpando anausokera chikopa chatsopano, kumbuyo anamangako kaliyala.

Chinkawasowetsa mtendere ndi tcheni. Makaniko anawachenjeza kuti, "Bambo, chisiyeni chikhwepe pang'ono. Gudumu lakumbuyo likamadumpha m'mabampu, chimadzikoka chokha." Iwo anavomera ndi mutu, koma atafika kunyumba anachikunga mpaka chinayamba kulira ngati nsambo ya gitala.

Loweruka lake ananyamula mayi akunyumba kukaona mdzukulu wongobadwa kumene. Pabampu loyamba la msewu wafumbi, tcheni chija chinaduka. Mtunda wonse wotsalawo mayi anali patsogolo, mphatso za mwana zili pamutu, iwo pambuyo akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Atafika pakhomo, mayi anauza mwana wawo kuti, "Bambo ako akubwera. Akuperekeza njinga kuti nayo idzaone khanda."

Masiku ano nkhaniyi amaikamba okha kwa aliyense wobwera kudzayesa zovala, tepi ili m'khosi.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikusiyira anthu malo m'thalauza kuti azitha kukhala pansi," amatero. "Njinga yanga yokha ndi imene ndinaiveka yothina."