Mapazi Onse Awiri M'mwamba

Ntchito yoyang'anira masewera a atsikana pasukulu yathu ya sekondale ku Bangula sindinaifune. Anandipatsa chifukwa ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse aakazi, ndipo pamsonkhano ndinachedwa kukana. Patapita miyezi iwiri ananditumiza ku Blantyre kumaphunziro a sabata imodzi, ndipo kumeneko ndinakumana ndi masewera amene ndinali ndisanawamvepo: mpikisano woyenda.

Amene ankatiphunzitsa anali bambo wachikulire, woonda, wa imvi, amene paunyamata wawo ankapikisana nawo pa masewerawa. Anati malamulo akuluakulu ndi awiri okha. Phazi limodzi lizikhala pansi nthawi zonse, ndipo mwendo wakutsogolo ukangoponda, bondo liwongoke mpaka thupi litadutsa pamwamba pake. Oweruza amaima mozungulira bwalo, ndipo atatu akakupeza ukulakwa, watuluka.

Nditabwerera ndinakaonetsa atsikana pabwalo. Anaseka mpaka ena kukhala pansi m'fumbi. Ahedi, amene ankaonerera ali pakhonde la ofesi, anandiitana n'kundifunsa motsitsa mawu ngati makolo sadzadandaula ndi kagwedezedwe ka chiunoko. Ndinawafotokozera kuti bondo likawongoka chiuno chimatembenuka chokha.

"Chabwino madamu," anatero, "koma kwathu munthu akachedwa basi amayenda choncho, ndipo palibe amamupatsa mphoto."

Anayamba atsikana asanu. Pofika sabata yachitatu kunatsala mmodzi, wa Fomu 2, wamtali, wosalankhulalankhula, mwana wa mayi wina wogulitsa nsomba zouma pamsika. Kwawo kunali kutali, cha kudambo, ndipo ankabwera wapansi tsiku lililonse osachedwa. Tinkayeserera m'mamawa, chifukwa ku Bangula dzuwa likakwera mchenga umaotcha mapazi, ndipo iye ankayeserera wopanda nsapato, popeza anali ndi za kusukulu zokha. Ine ndinkagwada pambali, tsaya pafupi ndi nthaka, kuyang'ana mapazi ake. Sindinamuonepo akudumpha.

Mpikisano wa sukulu za boma lonse unachitikira ku Nsanje m'nyengo yozizira. Tinapita pa lole. Atsikana oyenda analipo khumi ndi awiri, oweruza anayi, ine osakhala nawo pa oweruzawo popeza mwana wanga wa kusukulu uja ankapikisana nawo. Poyamba anthu ankaseka ndi kuimba mluzu, koma atazungulira kasanu phokoso linachepa, chifukwa aliyense ankaona mmene anawo ankavutikira. Pozungulira komaliza mtsikana wathu anapitirira mnzake wa sukulu ina ya paboma pomwepo, n'kukafika woyamba. Anamupatsa ndowa ya pulasitiki ndi makope, ndipo anasankhidwa kukaimira boma lathu kuchigawo.

Tsiku lotsatira linali Lamlungu. Ndikutuluka m'tchalitchi ndinayatsa foni, n'kupeza chithunzi pagulu lathu la aphunzitsi a masewera. Anatumiza ndi mphunzitsi wa mtsikana amene anakhala wachiwiri uja, ndipo pansi pake analemba kuti, "Kodi uku ndi kuyenda kapena kuuluka?" Ndinaima pansi pa mtengo wa nimu n'kuchikulitsa chithunzicho ndi zala. Anali mwana wanga, ndipo pansi pa mapazi ake onse awiri panali kampata, kokwana mwina chala chimodzi. Chala cha phazi lakumbuyo chinali chitanyamuka, chitendene chakutsogolo chisanaponde.

Ndinachita manyazi kwambiri. Mwanayo sindinamukayikire, ndinkadziwa kuti anachita zimene ndinamuphunzitsa. Ndinadzikayikira ndekha, kuti mwina ndinamva theka la zimene tinaphunzira ku Blantyre, ndiye ndaphunzitsa mwana wa eni kuba pamaso pa anthu.

Lolemba chithunzi chinali chitafika kale m'mafoni a ana asukulu, ndipo mtsikanayo sanabwere. Lachiwiri kunabwera mayi ake, ndowa ija ili pamutu, makope ali momwemo osalembamo. Anaiika pakhomo la chipinda cha aphunzitsi n'kukhala pansi pakhonde, ngakhale ndinawapatsa mpando.

"Madamu, anthu pamsika akuti mwana wanga anathamanga pamene anzake amayenda," anatero. "Ine ndimagulitsa nsomba, koma sindinabisepo yowola pansi pa mulu. Za kuba, nkhabe, sindizifuna. Mukawabwezere eni ake."

Ndinkafuna kuwauza kuti ndi bodza, koma chithunzi ndinali nditachiona ndi maso anga. Ndinangowapempha kuti andipatse masiku ochepa ndifunse kwa odziwa. Anavomera, koma ndowa anaisiya.

Masana omwewo ndinawaimbira foni bambo achikulire aja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa ngati chithunzicho chinachokera mu kanema. Ndinati ndikuganiza choncho. Anati Lachisanu akubwera ku Nsanje kudzaona ana amene asankhidwa, ndiye mwini kanemayo abwere naye yense, osati kachidutswa. Sananene zambiri, ndipo masiku atatu amenewo ndinaphunzitsa ngati munthu wodwala malungo. Kalata yosiya za masewera ndinailemba n'kuiika m'chikwama.

Lachisanu tinakumana m'kalasi ina paboma: bambo aja, oweruza anayi, mphunzitsi wodandaulayo ndi ine. Bambowo anapempha kuti kanema aonetsedwe mmene anajambulidwira, osamuchedwetsa. Tinaunjikana pa foni imodzi. Anaonetsa katatu.

"Alipo waona phazi likusiya nthaka?" anafunsa.

Wodandaula uja anati, "Choncho sizioneka, akuluakulu. Koma ndikamuchedwetsa muona."

"Muchedwetseni. Koma tiyang'ane ana onse, osati mmodzi."

Anamuchedwetsa, n'kumaimitsa pang'onopang'ono. Mwana wanga anali m'mwamba, inde. Kumbuyo kwake, mtsikana wachiwiri uja nayenso anali m'mwamba. Wachitatu chimodzimodzi. Amene mapazi ake sanasiye nthaka anali mwana mmodzi wakumapeto, amene ankayenda ngati akupita kuchigayo.

Bambowo anatulutsa kabuku ka malamulo kothaitha m'thumba la jekete n'kumupatsa wodandaulayo kuti awerenge yekha mokweza. Lamulo linkanena za kusiya nthaka kooneka ndi maso a munthu. Mawu amenewa ku Blantyre anatiuza, koma ine ndinali nditawataya.

"Munthu akamayenda mofulumira chonchi, makina amapeza kanthawi kamene diso silingagwire," anafotokoza. "Ngakhale akatswiri akunja amawajambula ali choncho. N'chifukwa chake woweruza ndi diso, ndipo amakhala angapo kuti wina asakondere. Mwana uyu sanabe."

Ndinakhala pa desiki ya ana. Mmodzi wa oweruza, mayi wa ku Chikwawa amene anabwera kudzathandiza, anandigwira paphewa.

Wodandaula uja sanapepese. Anabweza kabukuko n'kunena kuti masewera amene lamulo lake limadalira kufooka kwa maso, iye sakuwamvetsa. Bambowo anati ambiri amatero, ndipo sawaimba mlandu, koma ngakhale mumpira woimbira amaweruza zimene waona. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Koma madamu, musapite mukuvina. Pozungulira komaliza bondo lake lamanzere linapindika kawiri, ndipo izi ndaziona popanda kuchedwetsa. Woweruza mmodzi anamulemba. Kuchigawo akatero atuluka. Akatopa amafupikitsa mwendo, ndiye mukakonze pamenepo."

Sindinasangalalepo ndi kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Linali vuto lenileni, looneka, loti ndingathe kulikonza.

Ndinakwera minibasi ya masana, yodzaza ndi matumba a mapira, ndipo nditatsika ku Bangula ndinalunjika kumsika. Mayi aja ndinawapeza akuingitsa ntchentche pa milamba yowamba. Atandiona anaimirira, kansalu kali m'manja.

"Sanabe," ndinatero ndisanapereke n'komwe moni.

Ndinayamba kufotokoza za diso ndi makina, koma anandidula.

"Akuluakuluwo anena okha kuti sanabe?"

"Anena okha, pamaso pa onse."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena motsitsa, n'kukhalanso pansi. Kenako anauza mayi wa benchi loyandikana nalo, mokweza kuti ena amve, m'Chisena chothamanga chimene sindinachigwire chonse. Atamaliza anandiuza kuti mwanayo kuyambira Lamlungu akungotola chakudya ngati mbalame, ndipo iwo akakamuuza sakakhulupirira. Ndipite ndekha.

Ndinakwera kabaza mpaka pamene njira inathera, kotsalako ndinayenda. Ndipamene ndinadziwa kutalika kwa ulendo umene mwanayo ankayenda m'mawa uliwonse. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupeta mapira. Atandiona anaika lichero pansi n'kugwada, maso ali pansi, akudikira chilango.

Ndinakhala pa mtondo wogonekedwa n'kumuuza zonse mwadongosolo, za kanema, za atsikana enawo, za kabuku, ndi za bondo lake lamanzere. Anamvetsera osasuntha. Misozi inatsika, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako anawongola mwendo wamanzere n'kuliyang'ana bondolo ngati ndi la munthu wina.

"Ndiye Lolemba ndifike nthawi yanji, madamu?" anafunsa.

Ndinamuuza kuti hafu faifi, koma ayambe wadya.