Magazi a Sitima Ankatuluka Abwino

A Sitima a kwa Nazombe akhala akulima nandolo ndi kukagulitsa pa njinga kwa zaka makumi atatu. Chifuwa chidawayamba zaka zinayi zapitazo. Ankabanika, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Makhololo adapimidwa kawiri, TB sidapezeke.

Dokotala adawauza kuti m'magazi muli asilikali a thupi a mtundu wina, amene akachuluka amatupitsa mapapo, ndipo ankafuna kuwawerenga matenda atavuta. A Sitima adapita katatu, ndipo katatu konse magazi adatuluka abwinobwino. Akazi awo, a Violet, adatopa nazo.

Chifukwa chake chidali chopusa. Kuchipatala n'kutali, ndipo munthu wobanika sapalasa njinga. Ndiye a Sitima ankayamba amwa timapiritsi toyera togula pamsika masiku atatu, chifuwa chikatseguka n'kupalasa okha, atavala jekete. Timapiritsi timeneto ndi tomwe tinkabisa asilikaliwo.

Dokotala atamva za timapiritsito adagwira mutu. "Bambo, chikangoyamba mubwere msanga, musanamwe timeneti."

"Ndifika bwanji?"

"Ndikunyamulani ine," adatero a Violet, amene tsikulo adawaperekeza.

"Mwamuna pakaliyala, mkazi akupalasa? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti muli moyo."

Chifuwa chitabweranso nthawi yopuntha nandolo, a Violet adataya timapiritsito m'chimbudzi. A Sitima adakwera pakaliyala, chipewa chitaphimba nkhope, akudandaula njira yonse ndi kampweya kochepa komweko. Magazi adaonetsa matendawo, ndipo adalandira mankhwala oyenera. Mpaka lero amauza anthu kuti tsiku limenelo mwendo ndi umene unkawapweteka.